Nkhuku Ziwiri ndi Kaseti Imodzi

Amayi, kumene muliko kukucha bwanji?

Ndafunsa mwa mwambo chabe, poti ndikudziwa kuti simuyankha. Ngakhale muli moyo makalata anga simunkawayankha. Munkangouza Eliza kuti, "Umlembere mkulu wakoyo kuti tamva." Ndiye lero ndilemba zonse, ndipo mukatha kumva mungonena chimodzimodzi. Ndine Rozina, mwana wanu woyamba, uja munkati anabadwa lilime lili patsogolo.

Kuno kwayamba kuzizira. Masamba onse athothoka, mitengo yangoima mbulanda ngati yatembereredwa. Ndikadali ku North York, m'fulati ija ya pa nsanjika ya khumi ndi chinayi, m'mwamba moti mbalame ndimaziona pamsana. Pakhonde ndinadzala bonongwe m'zidebe zitatu, mbewu imene Eliza anandikulungira m'kapepala kuchokera kudimba kwanu. Anamera bwino, ndinatchola kamodzi. Kenako chisanu chinabwera tsiku limodzi lokha, m'mawa n'kupeza yense wafota ngati wathiridwa madzi otentha. Zokolola zanga za chaka chino ndi mbale imodzi. Musaseke.

Zakumudzi mwina mukuziona bwino kuposa ine, koma ndikuuzanibe. Eliza wabereka mwana wamkazi, wachinayi, ndipo amutcha dzina lanu. Akuti ali ndi chipumi chanu, ndiye kuti adzavuta. Mng'ono wanga ali ndi ana anayi, ine mkulu wake ndili ndi zidebe zitatu. Chimanga chinachita pang'ono, nkhokwe inafika m'chiuno basi, koma mtedza unabereka. Mbuzi yanu yamawanga ija inabedwa masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo aliyense akudziwa amene anaba koma palibe akunena, poti ndi wachibale. Denga la khitchini linagwa ndi mphepo. Lakonzedwa. Chiliza chanu chinamangidwa, chopaka laimu, dzina lanu linalembedwa bwino popanda cholakwa, chifukwa wolemba wake ndi mphunzitsi.

Mwamudziwa kale. Amene analima chimangacho, amene anafolera dengalo, amene anamanga chilizacho, ndi akamwini anu a Maliko. Akadali pamudzi panu, m'kanyumba kaja kuseri kwa nkhokwe. Zaka zisanu ndi zitatu tsopano ali pa chikamwini popanda mkazi. M'mawa amapita kukaphunzitsa ku pulayimale, masana ali m'munda mwanu. Ndi za iwowa zimene ndalembera kalatayi. Zinazi ndimangozungulira.

Mukukumbuka mmene zinayambira, koma ndikukumbutsani, chifukwa anthu akufa amakonda kuiwala mbali yawo. Azungu a kumishoni atandisankha kuti ndikaphunzire za mankhwala ku yunivesite ya ku Hamilton, lamulo lawo linali loti amatumiza atsikana osakwatiwa okha. Wokwatiwa, ankati, amatenga pakati n'kutaya maphunziro. Ine ndinali nditagwirizana kale ndi a Maliko. Inu simunafune kuti ndipite kunja ndilibe mwini, simunafunenso kuti mwayi uwuluke. Ndiye munakonza nzeru yanu ija: chinkhoswe chichitike mwakachetechete kuseri kwa nyumba, popanda ng'oma, popanda wojambula zithunzi, popanda abusa. Ukwati wa m'tchalitchi ndi pepala lake tidzachita ndikabwerako ndi digiri. Kumbali yathu kunali malume a Jailosi, kumbali yawo kunali a Lameki, akulu awo a Maliko. Iwo anapereka tambala, ife tinapereka thadzi. Ankhoswe anadya, analangiza, anasamba m'manja. Tinakhala m'kanyumba kaja miyezi iwiri ine ndisanakwere ndege. Mudzi unadziwa, koma mudzi umadziwa kubisira azungu.

Nditakufunsani za pepala munandiseka. Munati, "Pepala limadyedwa ndi chiswe, mwana iwe. Nkhoswe sadyedwa ndi chiswe."

Amayi, malume a Jailosi anamwalira inu musanapite. A Lameki anakutsatirani patangopita miyezi ingapo. Onse awiri ali pansi. Mundiuze inu amene muli nawo pafupi ngati chiswe chikuwalambalala.

Pa fomu ya maphunziro panali funso loti kodi ndinakwatiwapo. Ndinalemba kuti ayi. Kameneko kanali koyamba. Muziwerenga nane.

Tsopano chimene sindinakuuzeni muli moyo. Digiri ija kulibe. Sindinamalize. Chaka chachitatu ndinalephera mayeso amodzi, amodzi okha, ndipo amayi a komiti imene inkandilipirira anandiitana kuti ndikafotokoze. Anthu amenewa, Amayi, kawiri pachaka ankandiimika kutsogolo kwa mpingo wawo nditavala chitenje, kuti ndiimbe nyimbo ya kwathu ndi kuthokoza, iwo akupukuta misozi ya chisangalalo. Tsiku limenelo mmodzi anandigwira dzanja n'kunena kuti mwina anandisenzetsa katundu wolemera kuposa mutu wanga. Ndinamuuza kuti mutu wanga ndi wabwinobwino, chimene chatopa ndi khosi, chifukwa cha kuwerama. Ndinawonjezera kuti ngati akufuna nyani wovina akagule wina. Thandizo linathera pomwepo. Ndikanapepesa akanandibwezera, anachita kundiuza. Inu mukundidziwa. Kupepesa ndinasiya ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

A Maliko anadziwa mwezi womwewo, ndipo anasunga. Inu munapitiriza kuuza anthu pachitsime kuti mwana wanu akubwera ali dokotala, iwo akumva, osatsokomola n'komwe.

Udokotala wanga ndi uwu: ndimasambitsa nkhalamba. Boma la kuno lili ndi njira yoti ukagwira ntchito yosamalira munthu zaka ziwiri ukugona m'nyumba mwake, umatha kupempha pepala lokhazikika, loti ukhale m'dziko muno mpaka kalekale. Ndinalowa m'nyumba ina ku Oakville, tauni ya anthu olemera m'mbali mwa nyanja yawo, kumene udzu wa pabwalo umametedwa kawirikawiri kuposa mutu wa mwana wasukulu. Mayi wa m'nyumbamo ubongo wake unatha, amaiwala ngakhale dzina la mwana wake. Mpaka lero ndimapitabe, pa sitima, m'mawa uliwonse. Tsiku lililonse ndikamamupesa amandifunsa funso limodzi: "Kodi uli ndi mwamuna, mwanawe?" Ndipo tsiku lililonse ndimati, "Ndili naye, ndi mphunzitsi, dzina lake Maliko." Amasangalala, n'kuiwala. M'dziko lonse la Canada, mzungu yekhayo amene ndamuuza zoona ndi amene sangazisunge mpaka nkhomaliro.

Zaka ziwiri zitakwana, fomu ina inabwera, funso lomwe lija. Ndinaima nalo masiku atatu. Ndinapita kwa Amayi Tembo, namwino wa ku Zambia amene timapemphera naye, mayi wamtima wabwino koma wodziwa zonse. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kuti, "Iwe Rozina, osati uyambe vamene ivo. Lemba chabe vamene unalemba poyamba. Aba bantu bakapeza mapepala yasiyana, bazakubweza pa ndeke yamene unabwela nayo. Mwamuna uzamuitana pambuyo." Ndinalemba kuti sindinakwatiwepo. Kachiwiri.

Mapepala amenewo ali m'kati, inu munadwala. Ndikanatuluka m'dziko muno nthawi imeneyo zonse zikanathera pomwepo, ndiye ndinakhala. Ndinasankha pepala, inu n'kupita. Zaka zonse zija inu ndi a Maliko munkathawana monga mwa mwambo, mukakumana panjira wina n'kulowa m'tchire, simunadyepo pamodzi, simunawatchulepo dzina. Koma Eliza akuti tsiku limene miyendo yanu inakana, ndi iwo anakunyamulani m'manja kukukwezani pangolo, ndipo inu munafunda chitenje kumaso chifukwa cha manyazi, muli m'kati mwa ululu wonsewo. Akuti pofika kuchipatala munanena mawu amodzi okha, mutayang'ana kumbali: "Bambo, mwavutika." Pamaliro anagwira ntchito zonse za mkamwini. Mwana wanu woyamba anali ku Oakville akudula zikhadabo za munthu wosamudziwa.

Pepala lokhazikika linabwera maliro anu atapita kale. Ndinati chabwino, chimene ndagula ndi amayi anga chindibweretsere mwamuna wanga. Apa m'pamene ndinaphunzira kuti lamulo la kuno lili ndi makomo awiri okha. Loyamba ndi la munthu amene muli naye pepala la ukwati. Lachiwiri ndi la amene mwangotomerana, amene amaloledwa kubwera pokhapokha mukwatirane pasanathe miyezi itatu atafika. Koma munthu amene munagona nyumba imodzi, amene wakudikira zaka zisanu ndi zitatu, amene ananyamula amako, ngati mulibe pepala alibe khomo. Pa fomu palibe bokosi lake. Ndinafunafuna, ndinatembenuza ndi kuseri komwe.

Mukufunsa chifukwa chake sindinangokwera ndege kudzamanga ukwati wa pepala kwathu n'kubwerera. Amayi Tembo anandiuza zimenezo kambirimbiri. "Yenda ukakwatiliwe ku boma, ubwele na pepala, vasila!" Ndinkapereka zifukwa: ntchito, nkhalamba ilibe woisamala, nyengo. Chifukwa chenicheni n'chakuti sindinafune kutsika basi pa Mchinji anthu akuthamanga kuti adokotala afika, amayi akundibweretsera ana otentha thupi kuti ndiwapime, ine ndikudziwa kuti chimene ndimatha ndi kusintha matewera a munthu wamkulu. Ndinati a Maliko abwere kuno, tikwatirane kuno kumene kulibe wondidziwa. Munkati mapanga awiri avumbwitsa. Ine ndinkafuna mwamuna, ndinkafunanso ulemu wanga wabodza uja. Ndavumbwa, Amayi, mpaka m'mafupa.

Ndiye tinalowera khomo lachiwiri. Ndinalemba kuti a Maliko ndi munthu amene ndatomerana naye. A boma anati tionetse umboni woti timadziwanadi: makalata, zithunzi. Zithunzi munakana ndinu. Makalata kulibe, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa. Makalata onse a kumudzi kwathu ankadzera m'bokosi la kumishoni, ndipo masiku a chipani chimodzi aja envelopu yochokera kunja inkafika itatsegulidwa kale. Mtsikana wosakwatiwa akanalembera bwanji mphunzitsi mwezi ndi mwezi? Tinapeza nzeru yathu. Kaseti imodzi, yolembedwa kunja kuti nyimbo za kwaya, inkayenda m'zikwama za anthu a ku Chipata opita ndi kubwera. A Maliko akalankhulamo, ine ndinkamvetsera mpaka kuloweza, kenako n'kujambula mawu anga pamwamba pa awo, kuti pasatsale kanthu. Iwonso chimodzimodzi. Zipani zambiri zitabwera mantha anatha, koma ife tinapitiriza, chinali chitakhala chathu. Zaka zisanu ndi zitatu tikulankhulana, aliyense akufufuta mnzake mosamala. Palibe banja linagwirapo ntchito yowononga umboni wake ngati ife.

A boma anaitana a Maliko kuti akafunsidwe mafunso ku ofesi ya viza, kudziko loyandikana ndi kwathu, ulendo wa masiku awiri pa basi. Pa kaseti imene ndinatumiza ulendo umenewo ndinawaphunzitsa ngati mwana. Ndinati, "Akakufunsani, munene kuti tinangotomerana. Mawu oti mkazi musawatchule. Za nkhuku musayerekeze." Ndinabwereza katatu. Anapita atavala jekete la a Lameki.

Patapita masabata angapo kalata inafika kuno. Viza yakanidwa. Ndipo pansi pake panali mawu ena: ineyo ndikaonekere ku ofesi yawo ya kuno, ndikafotokoze chifukwa chake ndinalemba kuti sindinakwatiwepo pamene pali mwamuna akunena kuti ndine mkazi wake. Ndinapeza loya, bambo wamtali wolankhula pang'onopang'ono ngati akuopa kudzutsa mwana. Anandiuza mosabisa. Ndikavomera kuti ndinali wokwatiwa, ndiye kuti pepala langa ndinalipeza ndi bodza, ndipo akhoza kundilanda n'kunditulutsa m'dziko. Anati, "Munene kuti mwambo unachitikawo unali chitomero chabe, kuti kwanu anthu amatchulana mwamuna ndi mkazi akangotomerana. Mukatero mukhale chete. Mwina tingapulumutse nonse awiri. Chonde, mayi, muyankhe zimene mwafunsidwa zokha." Anali atandidziwa kwa ola limodzi koma anali ataona kale pamene pali matenda.

Linali Lachiwiri lapitali, m'mawa. Kachipinda kopanda zenera, tebulo, mipando itatu. Wofunsayo anali mtsikana wamng'ono kwa ine, waulemu, tsitsi lomangidwa kumbuyo, kapu ya khofi pambali. Sanakalipe ngakhale kamodzi. Akanakalipa bwenzi zinthu zitayenda bwino, chifukwa wokalipa ndimadziwa kuthana naye. Iye anangotsegula fayilo n'kuyamba kundiwerengera zimene mnzake wa ku ofesi ina ija analemba, funso ndi yankho, m'Chingerezi chosalala.

Anawafunsa kuti, mayi ameneyu ndi ndani wanu? A Maliko anati, ndi mkazi wanga. Anawauza kuti pa fomu palembedwa kuti mukufuna kukakwatirana. Iwo anati, chimene tikufuna kukatenga ndi pepala, ukwati ulipo kale. Anawafunsa mboni. Anati, zinamwalira. Anawafunsa makalata. Anatulutsa kaseti m'thumba la jekete, koma atauzidwa kuti aiike pa wailesi anaibweza m'thumba, osanena chifukwa. Ine chifukwa ndikuchidziwa: munali mawu anga ndikuwaphunzitsa bodza. Anawafunsa kuti nanga ukwatiwo unamangidwa ndi chiyani. Anati, tambala ndi thadzi. Zili kuti? Zinadyedwa, bwana.

Apa mtsikana uja anamwetulira. Sikunali kunyoza kwenikweni, ndikanama. Kunali kumwetulira kuja kwa amayi a komiti, kwa chisoni, kofewa. Anandiyang'ana n'kuti, "Ndikuona pano kuti munaphunzirapo ku yunivesite. Kodi inuyo mumakhulupirira kuti kusinthana nkhuku ndi ukwati?"

Amayi, ndinaseka. Ndinaseka naye limodzi. Ndinamva kuseka kwanga kukugunda khoma n'kubwerera. Ndinati, "Ine? Ayi ndithu. Zimenezo ndi za kumudzi. Chinali chitomero chabe. Sindinakwatiwepo."

Kachitatu.

Pamenepo loya anandigunda phazi pansi pa tebulo kuti basi, zakwana. Zinali zitakwanadi. Koma mtsikana uja anafunsanso, akulemba, osandiyang'ana n'komwe: "Nanga mukuganiza kuti bamboyu ananeneranji kuti ndinu mkazi wake?" Yankho linalipo, loya anali atandipatsa, lofatsa, la mwambo wa kwathu. Koma kumwetulira kuja kunali kukundiwotchabe, ndinkafuna aone kuti ine si wa nkhuku, ine ndi iye ndife amodzi, anthu ophunzira. Lilime linatsogola monga linachitira pobadwa. Ndinati, "Munthu wofuna kubwera ku Canada anganene chilichonse."

Analemba. Ndinaona cholembera chikuyenda, mawu onse, mpaka kadontho kotsiriza. Kenako anatseka fayilo, anandithokoza chifukwa cha kunena zoona, n'kundiuza kuti za pepala langa ndisade nkhawa.

Ine ndi loya tinatsika pa chikepe. Titafika panja anavala chipewa chake n'kuti, "Inu mwapulumuka. Koma bambo aja mwawakwirira. Tsopano m'fayilo mwawo muli mawu a inu nomwe oti ndi munthu wonena chilichonse kuti alowe m'dziko. Ngakhale mutapita mawa kukamanga ukwati wa pepala, adzati ndi ukwati wofunira viza. Sindikunena kuti n'zosatheka mpaka muyaya. Ndikunena kuti ine sindikuona njira." Ndinafuna kumuyankha mwachipongwe, mwa chizolowezi. M'kamwa munalibe kanthu. Kanali koyamba m'moyo wanga, ndipo kanabwera mochedwa ndi mphindi khumi.

Ndinakwera sitima kupita ku ntchito, poti nkhalamba sidziwa kuti lero ndi tsiku lotani. Ndinamusambitsa, ndinamudzoza mafuta, ndinayamba kumupesa. Anatembenuka ndi maso ake oyera aja n'kuti, "Kodi uli ndi mwamuna, mwanawe?" Ndinati, "Weramitsani mutu, mayi, ndipese kumbuyoku."

Masiku otsatirawo ndinadzilimbitsa mtima. Ndinati wolakwa ndi inu, ndi nzeru yanu ya kuseri kwa nyumba. Ndinati wolakwa ndi a Maliko, munthu wamkulu wolephera kunama kamodzi kokha pa moyo wake, kamodzi, pamene ine ndanama zaka zisanu ndi zitatu kuti tonse tidye. Ndinati wolakwa ndi dziko limene limakhulupirira chidindo kuposa munthu. Ndipo zonsezi ndi zoona, musaganize kuti ndazibweza. Ndinayenda nazo bwinobwino mpaka Lamulungu.

Lamulungu titatuluka m'mapemphero, anthu akumwa tiyi, ana akuthamangathamanga n'kumayankha makolo awo m'Chingerezi, Amayi Tembo anandikokera pambali. Mlamu wawo wafika kuchokera ku Chipata. Anandipatsa kaseti ija, itakulungidwa m'pepala la m'kope la sukulu. Anati, "Nkhani za ba teacher izi. Nanga ku ofesi kunayenda bwanji?" Ndinati kunayenda bwino. Anati, "Mulungu ni wabwino." Ndinati nthawi zonse.

Ndinafika kunyumba masana, ndinavula nsapato, ndinaiika pa wailesi. A Maliko anajambula atangobwerako ku ulendo uja, atakhala pakhonde la kanyumba kathu m'mawa, ndinadziwa chifukwa kumbuyo kunkamveka Eliza akutsuka mbale. Ndikulemberani mawu awo monga analankhulira, poti ndawaloweza kale.

"Anaphiri, ndi ine. Ndafika bwino, miyendo yokha ndi imene yatupa. Ndikudziwa kuti mukwiya, ndiye khalani kaye pansi. Zimene munandiphunzitsa zija ndinaloweza, m'basi monse ndimabwereza ngati mwana wa sitandade wani. Koma atandifunsa kuti ndinu ndani wanga, pakamwa panakana. Ndinaona ngati apongozi aima pakhomo afunda chitenje chawo chija. Munthu amene ndinanyamula amayi ake sindingamutche wongotomera, Anaphiri, ndayesa, sizikutuluka. Ndinati ndi mkazi wanga. Musaope. Akakuitanani inunso mungonena zoona, tikhala awiri. Mawu a anthu awiri boma silingawataye."

Anapitiriza ndi zina. Akuti a Binwelo, amene analowa m'malo mwa malume, anawaitana pansi pa mtengo n'kuwauza kuti mkamwini wopanda mkazi pamudzi ndi mlendo wochedwa kutsanzika, ndipo munda wanu ukufunidwa ndi eni mbumba. "Ndinawayankha kuti mkazi wanga alipo, ndipo ngakhale boma la Canada ndaliuza. Anaseka, koma andisiya. Mizere ndamaliza, mvula ikangogwa ndidzala." Pa kasetipo a Maliko anaseka pang'ono, kuseka kwawo kuja kwa m'mphuno.

Ndipo pomwepo, Amayi, kumbuyo kwa mawu awo, pafupi kwambiri ngati waima pa tebulo langa, tambala wa pakhomo panu analira.

Kuno kulibe atambala. Zaka zisanu ndi zitatu sindinamvepo ngakhale mmodzi, ndipo Lachiwiri lija potuluka mu ofesi ndinadziuza kuti m'dziko lino munthu ukhoza kukana kangati konse, palibe chimene chingalire. Anachita kuwoloka nyanja m'chikwama cha munthu kuti andipeze pa nsanjika ya khumi ndi chinayi. Inu amene munavala bulauzi yoyera ya kutchalitchi moyo wanu wonse simufunika kuuzidwa zambiri. Ndinakhala pansi, pa simenti, monga anandiuzira. Ndinabweza kaseti, ndinamvetseranso. Analiranso pamalo pomwepo.

Ndiye nkhani zake ndi zimenezo. Pepala ndili nalo, lili bwinobwino m'kabati, chiswe kuno kulibe. Ndikhoza kukhala m'dziko muno mpaka ndidzakalambe, adzandipezere mtsikana wa kudziko lina wondipesa, ndizidzamufunsa ngati ali ndi mwamuna. Ndinayamba kalatayi ndikufuna kukuimbani mlandu, ndipo theka lake ndi lanu ndithu, mulisenze. Koma inu munabisa ukwati wanga kwa azungu a kumishoni kuti ndiphunzire. Simunauseke. Amene anaseka ndine.

Malonjezo ambiri sindingakwanitse. Sindikulonjezani kuti ndibwera kudzasesa pamanda panu, poti nkhope yoonetsa pamudzipo ndilibe. Ndikulonjezani ichi chokha. Mawa pochokera ku Oakville ndikagula kaseti yatsopano, yoyamba chichokereni kwathu. Ndiwauza a Maliko zonse ndi pakamwa pomwepa, mawu ndi mawu, ndi kuseka komwe, asanazimve kwa wina. Ndiwauza kuti sitinakhale awiri. Akafuna kusudzulidwa, asudzulidwe mwaulemu, apeze mkazi woti akafunsidwa amayankha. Eliza ndimulembera kuti a Binwelo asawachotse asanakolole chimanga chimene adzale, chifukwa thukuta limenelo ndi lawo.

Yakaleyi sindijambulapo. Kwa nthawi yoyamba mawu awo sindiwafufuta. Muli mawu oti mkazi wanga kawiri, ndawerenga, ndi tambala kamodzi. Ndi umboni wokhawo umene ulipo pansi pano woti ndinakwatiwapo, ndipo a boma ataupeza ungandithamangitse m'dziko muno. Ndaukulunga m'chitenje chanu chija munandipatsa pokwera ndege, ndauika pansi penipeni pa sutikesi.

Mukaonana ndi malume a Jailosi ndi a Lameki muwapatse moni, muwauze kuti nkhuku zija anangodya zaulere.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale ndakukalipirani kalata yonse. Kukonda kwanga mukukudziwa, kumatuluka ndi minga.

Ine mwana wanu wa lilime,
Rozina